Chibenthu cha Piritsi

Masiku ano mapiritsi a tulo amatuluka m'kabokosi kamene achipatala amakhomera m'nyumba ya wodwala. Sabata ino ka a Likongwe kanayamba kutulutsa chibenthu chokha, monga anapanganirana ndi namwino kuti asiye mapiritsiwo pang'onopang'ono.

Dzuwa litapendeka, a Likongwe ankangozungulira pabwalo. Kenaka analowa ndi nkhwangwa.

"Ndikaswa kameneka! Ndimwe atatu, apo ayi ndisiyiretu lero."

Mkazi wawo, Nagama, anaima kutsogolo kwa kabokosiko.

"Bambo a Mwatitha, achimwene anu atasiya mapiritsi omwewa mwadzidzidzi, si tinakawatola kudimba atagwa ngati akhunyu? Mawa tilawirire kwa namwino, mwina wachepetsa mofulumira."

Kabokosi kanalira, chibenthu n'kugwera m'mbale. A Likongwe anachimeza, n'kupereka nkhwangwa ija kwa mkazi wawo.

"Kaibiseni. Ngakhale ndikuchonderereni, musandiuze komwe ili."