Kambale ka pa Mpando

Subilaga anaima pawindo, tiyi akuzizira m'kapu. Pakhonde, mlamu wake Tumpale ankakanya nthochi yakupsa ndi uchi m'kambale kobiriwira. Bupe, kamtsikana ka zaka zinayi, anakhala chapafupi, maso ali pa kambaleko.

"Iwe, usandiyang'ane m'kamwa," anatero Tumpale. "Izi ndi zanga. Ukangokhudza, tiyambana."

Mtima wa Subilaga unawawa. Bupe anali mwana wa mchimwene wake Gwamaka. Mayi ake omubereka anamwalira, Tumpale anachita kumupeza. Tsopano mwanayo ankadwala chifuwa chachikulu, ndipo kuchipatala ananenetsa kuti asadumphitse tsiku osamwa mankhwala.

Nkhondo ya mankhwalawo Subilaga ankaidziwa. Masiku oyamba ankachita kumugwira awiri, iye miyendo, Gwamaka mutu. Bupe ankalavula, nthawi zina kusanza, ndipo tsiku lina analuma bambo ake chala. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene wapatsidwa ankayamba wachinunkhiza. Koma chipitireni Gwamaka ku ntchito ku Mbeya, Tumpale ankangoyankha pafoni kuti, "Akumwa bwinobwino."

Bwinobwino wake uti? Chibwerereni pakhomopo, Subilaga anali asanamvepo mwanayo akulira. Anali asanaonepo piritsi likulowa m'kamwa mwake. Komabe mapiritsi ankachepa m'paketi. M'mawa uliwonse Tumpale ankatenga limodzi, n'kulifumbata, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kuseriko kunali khitchini. Kunalinso chimbudzi. Pobwerera ankangonyamula kambale kake ka nthochi.

Tumpale anadzuka, n'kuika kambaleko pa mpando waufupi.

"Ndikukaipatsa ng'ombe udzu. Ndizipeze mmene zililimu."

Atangokhota, Bupe anayang'ana uku ndi uku. Anakwawira pa mpando paja, n'kupisa zala. Ankameza mothamanga ngati wina akumuwerengera. Ananyambita kambale konse, n'kukabwezera pamalo pake, kenako anathawira m'munda wa nthochi.

Subilaga anaika kapu pansi. Mwana wodwala kumaba chakudya pakhomo pa bambo ake. Anaona kuti wapenya zokwanira. Analowa kuchipinda, n'kuponya madiresi a Bupe ndi paketi ya mankhwala m'chikwama, n'kutuluka foni ili m'manja.

Anakumana ndi Tumpale pakhonde, akusasa udzu pa chitenje.

"Alamu, ndikumuimbira Gwamaka. Mwanayu ndikupita naye lero."

"Kupita naye kuti?"

"Kumene azikamwa mankhwala. Kapena muziti sindikuona? Mapiritsi mukuwataya kuseriko. Ndiye ndi nthochi yomwe muzimumana, ku Tukuyu kuno, kumene makoko ndi mitengo yake yomwe timadyetsa ng'ombe?"

Tumpale anatola kambale kaja, n'kukapendeketsa, n'kupititsa chala m'mbali mwake.

"Wamaliza zonse? Sanataye pansi?"

"Wanyambita ngati mphaka. Mulibe manyazi?"

Tumpale anatembenukira kumunda, n'kugwira m'chiuno.

"Ndani wadya nthochi zanga? Mbava imeneyi ndikadzaigwira idzandidziwa!"

Kuseri kwa masamba kunamveka kakuseka, kenako tiphazi tikuthawira kutali. Subilaga anayamba kudina foni. Tumpale anamugwira dzanja, n'kusendera pafupi ndi khutu lake.

"Tsitsani mawu, alamu, angatimve. Piritsi ndimaliperera kukhitchini n'kulikanyira m'menemu, anesi anavomereza. Zopatsidwa amanunkhiza. Zakuba amameza osalawa."