Miyala ya Dorika pa Sikelo

Panali munthu wina kuno kwa Wimbe, dzina lake Dorika. Iye ndi mwamuna wake Sankhani anali matenanti pa esiteti ina ya fodya. Chipatala chake sinditchula, nanenso ndimapita komweko.

Dorika anali ndi pakati koyamba. Atapita ku sikelo kachitatu, nesi anayang'ana m'buku mwake n'kukuwa, mzere wonse ukumva:

"Makilo 49! Mwezi watha 49! Mayi, kwanuko mumadya fodya? Kapena pali chimene mukutibisa?"

Amayi ena anaseka. Ena anangoyang'anana. Dorika asanafike n'kunyumba komwe, nkhani inali itafika kale kuchigafa kosankhira fodya: mkazi wa Sankhani akuonda, ndi anesi omwe akumukayikira.

"Anesi aona chiyani mwa iwe?" anafunsa Sankhani.

"Magazi anandiyeza kale, ndili bwino."

"Nanga anthu akunenawa ndi amisala?"

Mwezi wotsatira, pageti pa chipatala, mayi wina wosamudziwa anamukodola.

"Iwe mwana, si iwe unatukwanidwa uja? Belo la fodya likapepuka amuna anu amatani? Si amabisa miyala pakati? Sikelo ilibe maso."

Dorika anazemba kuseri kwa chimbudzi, anatola miyala, anaikulunga mumpango n'kumangira m'chiuno, chitenje pamwamba. Sikelo inati 52.

"Eyaa! Mwayamba kudya tsopano," anatero nesi.

Ulendo wina anawonjezera mwala. Inati 54. Manong'onong'o kuchigafa anatha.

Koma mwezi wachisanu ndi chitatu mapazi anayamba kutupa, masilipasi osalowa. Nkhope nayo. Mutu kumangowawa, m'maso kumaona ngati ziphaniphani masanasana. Sankhani anakondwa: "Aone tsopano, mkazi wanga wanenepa!"

Tsiku la sikelo miyala inamulemera panjira, anaitaya patchire. Anakwera sikelo wopanda miyala. Inati 55.

"Zili bwino. Wotsatira!" anatero nesi.

Makina oyezera BP tsikulo analibe mabatire. Dorika anafuna kunena za mutu, koma atayang'ana mzere kumbuyo kwake, mawu anakanika. Anatsitsa chitenje kubisa mapazi, n'kumapita.

Patatha masiku anayi, akusankha fodya masana, anagwa n'kuyamba kuphupha. Anamutengera pangolo kuchipatala, ambulansi n'kumuthamangitsira ku Boma. Anamuchita opaleshoni. Atatsitsimuka anapeza adokotala atagwira buku lake, akuliyang'ana mokayika.

"Mayi, bukuli likuti mumakwera pang'onopang'ono. Nanga kutupa konseku kwabwera liti?"

Dorika anaulula za miyala, monong'ona.

Adokotala anatseka bukulo. Kenako anati, "Sikunali kunenepa uku, anali madzi. BP inakwera. Pakanapanda miyala, sikelo ikanatiuza kuti mwakwera makilo asanu mwezi umodzi, tikanakugonekani tsiku lomwelo. Bwanji simunanene za mutu?"

"Ndinkaopa kukuwiridwa."

Mwana anali wamkazi. Sanalire. Anamuyezabe pa sikelo: kilo imodzi ndi theka. Miyala ija inkamuposa kulemera.

Anakamuika amayi okhaokha, popanda nyimbo. Mayi wa pageti uja sanaonekenso, palibe akumudziwa. Nesi uja alipobe, ndipo Lachiwiri lapitali amakuwabe makilo a anthu.

Phunziro: Amayi anzanga, mimba si belo la fodya. Sikelo musainamize, ngakhale akuchititseni manyazi. Mukatupa mapazi kapena nkhope, mutu ukamawawa, nenani pompo, akakane kumva ndi iwowo. Malangizo a pageti asiyeni pageti pomwepo. Inunso anesi, chonde, makilo a munthu muzimuuza yekha, motsitsa mawu, ndipo muzimufunsa mmene akumvera, mukakuwa timabisa. Tumizirani amayi onse oyembekezera ndi azibambo awo, wina asatolenso miyala mawa.