Mthunzi pa Chinsalu

"Kanema wa ulimi wa fodya uja ndi wa tulo, amayi," anatero a Gordon, tcheyamani wa nthambi ya chipani ku Monkey Bay. "Koma wa usodzi wa chambo musamuphonye. Ine ndimamukonda zedi."

Mwanamvua sakanakana. Amuna ake, a Uladi, apolisi anawatenga mu Meyi 1973 powaganizira kuti ndi chigawenga. Nyumba ndi bwato zinatsala m'manja mwake chifukwa analumbira pamsonkhano kuti munthuyo anamuiwala.

Loweruka madzulo a galimoto ya kanema anapachika chinsalu pabwalo. Wa fodya atatha, panaoneka asodzi akukoka khoka, owajambula mu 1971. Pakati pawo panali a Uladi, onenepa, akuseka. Mwanamvua analuma mlomo, msozi osagwa.

Kenaka a Uladi anacheuka n'kukodola ndi dzanja, monga ankachitira akakocheza, kuti mkazi wawo athamange ndi dengu. Mwanamvua anangozindikira ataimirira. Mthunzi wake unadzaza chinsalu chonse.

"Khalani pansi inu, mukutitchinga!" anakuwa anthu.

"Asiyeni," anatero a Gordon mokweza. "Aitanidwa ndi amuna awo aja anawaiwala."

Achinyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, anali atafika kale pambali pa Mwanamvua kudzamutenga.

Pofika Lolemba bwato lija linali kuseri kwa nyumba ya a Gordon, akulipaka utoto wina. A Gordon ankauza aliyense wodutsa kuti kanema wa chambo ndi wosaphonya.