Pepala la Milatho

Mlendoyo atangotsika basi pa siteji ya Chawama, Dyton Kalumba anadziwa kuti si wakuno. Jekete yotuwa, chikwama chachikopa, ndi chipepala chokulunga ngati mphasa chimene anachikumbatira pachifuwa. Anaima pa benchi ya mayi wa tomato n'kufunsa njira ya kusukulu ya pulayimale. Apa makutu a Dyton anaima.

Unali Disembala wa chaka chija asilikali a ku Rhodesia ankaphulitsa milatho, ndipo mu Lusaka nkhope iliyonse yachilendo inkanunkha ukazitape. Dyton anali tcheyamani wa chipani m'deralo, munthu wa mtima wapachala. Pansi pano ankanjenjemerera chinthu chimodzi chokha: sukulu ya mwana wake Chisala. Mtsikanayo ankalowa giredi seveni mu Januwale, chaka cha mayeso, koma kalasi yawo inali itatha matemu awiri yopanda mphunzitsi. Dyton anapondaponda ku ofesi ya ahedi mpaka nsapato kutha, ndipo pomaliza anamuuza kuti apeza a Mukupa ena ake ku Kasama, katswiri wokhozetsa ana. Tsopano nayu munthu wosadziwika akufunsa njira ya kusukulu yomweyo, ana atatsekera.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Dyton pa mwambiwu anangotolapo kuthwako.

"Imwe ba mudala, khadi ya chipani ili kuti?"

Mlendo anapisa m'matumba onse, osaipeza. Dyton anatsomphola chipepala chija n'kuchitambasula pamwamba pa tomato. Chinali cholembedwa mizere ndi rula, timabokosi tokhatokha, kabokosi kalikonse ndi deti lake. Chingerezi chinkamupita pambali, koma mayina anawazindikira: Kafue, Luangwa, Kariba, Chambeshi. Pa Chambeshi, kumene mlatho unali utagwetsedwa kale, panali pochongedwa ndi inki yofiira. Pamwamba penipeni panali dzina la sukulu ya Chisala ndi tsiku lotsegulira.

Dyton anachita mantha, ndipo mantha ake sankachedwa kusanduka ukali.

"Ni chani ichi?"

"Ni sikimu yanga chabe, ba tcheyamani. Nili..."

Sikimu! Liwu limeneli Dyton ankalimva pamsonkhano uliwonse wa chipani: adani ali ndi masikimu, adani sagona. Munthu wavomera ndi pakamwa pake, ufunanso umboni wanji? Chibakera cha Dyton chinatera pakamwa pomwepo, mawu otsalawo n'kubwerera kukhosi pamodzi ndi mano awiri.

"Kazitape! Afuna kuphulitsa bana bathu!"

Msika wonse unakhuthukira pomwepo. Wogulitsa makala anabwera ndi thabwa, wokonza njinga ndi tcheni, amayi ndi miyala ya m'ngalande. Mlendo anagwa chafufumimba, akuyesa kulankhula, koma m'kamwa munkangotuluka magazi ndi thovu. Wina atam'ponda m'nthiti, m'thumba la jekete munafuka ufa woyera. "Wonga!" Anthu anadumphira m'mbuyo, kenaka anabwerera atalusa kuposa poyamba. Khamu lilibe makutu, lili ndi miyendo yokha.

Dyton anagwira dzanja lamanja la mlendoyo n'kuligoneka pamwala.

"Ni iyi inalemba, ka?"

Anatola njerwa. Anamenya katatu, ndipo kachitatuko mafupa analira ngati nzimbe. Mlendo anakuwa kamodzi n'kukhala chete, akupumira m'mwamba. Dyton anadzuka, thukuta lili kamukamu, mtima uli mbee. Anali atapulumutsa mwana wake.

Ndi pomwe anaona Chisala ataima kumapeto kwa khamu, ndowa ili pamutu, akuchokera kumpopi. Anamukodola monyadira. Apolisi akabwera adzafuna mboni, ndipo m'Chawama monse ndani ankawerenga Chingerezi ngati mwana wa Kalumba?

"Bwera, mayi. Berenga apa, bonse bamvere."

Chisala anatula ndowa, napukuta manja pa diresi. Anayendetsa chala pa timabokosi tija, milomo ikugwedera. Anafika pansi pa pepala, pomwe panadontha magazi, n'kuima. Anayang'ana munthu wogona pansi uja, nayang'ana ufa woyera umene unali utamwazika pafumbi pamodzi ndi tizidutswa ta choko.

"Batate, sikimu ni pepala ya ba ticha. Ni vamene tizaphunzira chaka chonse, wiki na wiki. Iyi ni mitsinje na nyanja za mu Zambia, za pa mayeso." Analoza pansi pa pepalalo. "Apa pansi basaina. Ati Mukupa."

Njerwa ija inali ikadali m'manja mwa Dyton.