Chikopa cha Kumaliro

M'kuyendayenda kwangaku ndinapumula m'mudzi wina wa m'malire, momwe lamulo limati m'mawa uliwonse mbuzi zizinyambita kamakina ka pakhomo la khola. Kamakinako kamayeza malovu, n'kudziwa kachilombo ndi dziko lomwe kachokera. Kakayaka mofiira, aboma amadzatenga khola lonse.

Nangozo, mayi wapakhomopo, anandiyalira chikopa, n'kundilozera khola lopanda kanthu.

"Zaka zitatu, agogo, ndinkasambitsa mapazi aliyense wochokera kutsidya. Ngakhale tonde wa achimwene ndinaleka kubwereka. Kenako awa anawoloka kukalira atsibweni awo."

Amuna ake, a Mlangeni, anayankha osadzutsa mutu. "Mbuzi ya adzukulu ndinasenda ndine, ndipo wosenda amapatsidwa chikopa. Ndikanakana pamaso pa anamfedwa?"

"Kukana ayi. Koma kuchiyanika pakhola?"

"Nanga makolo ankayanika pati?"

Anandiuza kuti atachiyanika, kutacha kamakina kanayaka mofiira, galimoto inabwera, ndipo mbuzi zisanu ndi ziwiri zinapita, ina ili ndi bere.

Nditamva izi ndinayamba kudzuka pachikopapo.

"Khalani, agogo," anatero Nangozo. "Anachipopera mankhwala n'kutibwezera. Ndiyo mbuzi yokha yatsala pakhomo pano."