Makilogalamu Awiri

Telala wina anakwera pasikelo ya kuchipatala atapinda kale mkono wa malaya. Kamuvi kanagwedezeka n'kuima pa 48.

"Pepani bambo," anatero namwino. "Sititenga magazi kwa munthu wosakwana makilogalamu 50. Mungakomoke."

"Ndikakomoka mundidzutsa, mayi. Mkazi wanga wataya magazi ambiri pobereka, ndipo mwanena nokha kuti anga akugwirizana ndi ake."

"Mulibe m'bale wina pafupi?"

Analibe. Anapita pampopi wa pakhonde, namwa madzi mpaka m'mimba kuwawa, navala jekete lake n'kubwerera pasikelo. Kamuvi kanafika pa 49.

Anaimabe pompo, akukanikiza mapazi pansi ndi mphamvu zake zonse. Namwino anayang'ana kumbali, osamuuza kuti atsike.