Asadzandigwadirenso

Dokotala anaonera kachitatu vidiyo ya pafoni ya mlonda wokalambayo. Muvidiyomo mdzukulu wa mlondayo, atangodzuka kutulo, ankagwetsa mutu, kutambasula timanja n'kupinda timiyendo, kakhumi konse motsatizana.

"Ife timangoseka, timati akuwagwadira agogo ake," anatero mayi a mwanayo, mpongozi wa mlondayo.

"Zaka makumi atatu ndili pageti, palibe anandigwadirapo," anatero mkuluyo. "Ndiye ayambe wa miyezi isanu? Ndinakana ine."

"Awa ndi matenda a khunyu a makanda, mukachedwa amawononga ubongo," anatero dokotala, akulemba mofulumira. "Mwafulumira, bambo. Mankhwala tiyamba lero lomwe."

Mkuluyo anadzambatuka pampando, ndodo n'kuiwala pansi, n'kukumbatira mdzukulu wakeyo.

"Mwamva, bwana?" anauza khandalo. "Musadzandigwadirenso!"